Agogo akayamba kuiwalaiwala: thandizo la mankhwala ndi thandizo la pakhomo

Amayi anzanga, ambiri mwa inu muli ndi munthu wachikulire pakhomo, kaya ndi mayi anu okuberekani, apongozi, azakhali, kapena bambo a kunyumba amene. Ena mwa achikulirewa ayamba kusintha. Amafunsa funso limodzimodzi kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Amatereka mphika n'kuuiwala mpaka ndiwo kupserera. Angodya kumene nsima, koma mlendo akafika amamudandaulira kuti chidyereni dzulo, mpongozi akuwamana. Ndalama abisa okha pansi pa mphasa, mawa lake akuti mdzukulu waba. Ena amadzuka pakati pa usiku n'kumanga katundu pachitenje, ati akupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba imene akhalamo zaka 40.

Zikafika potopetsa, funso limene mumabwera nalo kwa ife anamwino ndi limodzi: "Kodi kulibe mankhwala?" Ena mumafuna obwezeretsa nzeru, ena mumangofuna ogonetsa kuti pakhomo papumeko. Yankho lake mwachidule ndi ili: mankhwala ochiziratu kulibe, ochepetsako vuto alipo koma mphamvu yake ndi yochepa, ogonetsa ali ndi ngozi zake, ndipo thandizo lalikulu lili m'manja mwa inu amene mukusamalira wodwalayo.

Matendawa ndi otani?

Achipatala amawatcha dementia, ife timangoti matenda oiwalaiwala. Amayamba pamene maselo a mu ubongo akuwonongeka pang'onopang'ono, mpaka munthu kuyamba kulephera kukumbukira, kulingalira, kupeza mawu, ndipo pamapeto pake kudzisamalira. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Pa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala ndi mtundu umenewu. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikamatsekeka, makamaka mwa anthu a BP, a shuga, ndi amene anachitapo sitiroko.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Likutinso pa maola 100 alionse osamalira odwalawa, 70 amagwira ndi amayi.

Matendawa si ukalamba wamba. Nkhalamba zambiri zimafika zaka 90 mutu uli bwinobwino. Sikuti agogo akuchita dala, sikuti alodzedwa, ndipo si mfiti. Ndi kudwala kwa chiwalo, monga mmene mtima kapena impso zimadwalira.

Yambani ndi kupita nawo kuchipatala

Musanene kuti "n'kukalamba, palibe chochita" musanawapimitse, chifukwa pali matenda ena ochizika amene amaoneka ngati dementia. HIV ikafika mu ubongo imaiwalitsa, ndipo ma ARV amathandiza. Chindoko chokhalitsa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, mowa wambiri ndi matenda okhumudwa nazonso zimatha kusokoneza mutu, ndipo zonsezi zili ndi thandizo. Munthu wosamva bwino kapena wa ng'ala m'maso amaonekanso ngati wosokonezeka, pamene vuto ndi lakuti sakumva kapena sakuona.

Chinthu china chofunika kuchidziwa ndi liwiro la kusinthako. Dementia imabwera mwakachetechete, pa miyezi ndi zaka. Ngati agogo anali bwino dzana, lero akubwebweta, sakukuzindikirani, kapena akungogona osadzuka, amenewo ndi matenda ena amene awagwira mwadzidzidzi: malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kutsika kwa shuga, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena sitiroko. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Izi zimachitikanso kwa amene ali kale ndi dementia, ndipo matendawo akachizidwa, nthawi zambiri munthu amabwerera mmene analili.

Popita, apite nawo munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, atenge kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe.

Mankhwala othandiza kukumbukira

Gulu loyamba lili ndi mankhwala atatu: donepezil, rivastigmine ndi galantamine. Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa acetylcholine, amene amanyamula uthenga kuchoka pa selo ina kupita pa inzake. Mwa odwala Alzheimer amenewa amachepa, ndipo ntchito ya mapiritsiwa ndi kuteteza otsalawo kuti asathe msanga. Zili ngati kusonkhezera moto pa nkhuni zimene zatsala: umayakako bwino kwa kanthawi, koma nkhunizo sizikuwonjezeka. Odwala ena amachangamukako, kapena amakhala pamodzimodzi kwa miyezi ingapo osaipiraipira. Ena saona kusintha kulikonse.

Donepezil amamwa kamodzi pa tsiku, kuyamba ndi 5mg, ndipo pakatha mwezi adokotala atha kukweza kufika pa 10mg. Atha kuyambitsa nseru, kutsekula m'mimba, kusafuna kudya, maloto oipa, ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka n'kugwa. N'chifukwa chake sayenera kuyambidwa popanda kupimidwa. Mankhwala achinayi, memantine, amaperekedwa matenda akafika pakati kapena patali, ndipo atha kubweretsa chizungulire, mutu ndi kudzimbidwa.

Mwina munamva za mankhwala atsopano, lecanemab ndi donanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023 ndi 2024. Amaperekedwa kudzera m'diripi kwa okhawo amene matenda angowayamba kumene, ndi okwera mtengo zedi, ndipo wodwala amafunika kujambulidwa ubongo pafupipafupi chifukwa atha kutupitsa ubongo kapena kuukhetsa magazi. Amangochedwetsako matenda pang'ono, sachiza.

Kuno kwathu ngakhale donepezil sapezekapezeka, ndipo amene amupeza nthawi zambiri amachita kugula mwezi ndi mwezi. Ngati banja lingakwanitse ndipo adokotala avomereza, yeserani, n'kuona pakapita miyezi ingapo ngati pali phindu. Ngati simungakwanitse, musadziimbe mlandu kapena kugulitsa mbuzi zonse. Wodwala wodya bwino, wosamba, wosakalipiridwa, ali pabwino kuposa womwa piritsi lodula koma wosiyidwa yekha. Chenjeraninso ndi ogulitsa "mankhwala obwezeretsa nzeru" pa WhatsApp, pa Facebook kapena m'misika. Aliyense wolonjeza kuchiziratu dementia akufuna ndalama zanu.

Mankhwala a BP ndi a shuga ndiwo musawalekeze. Sabweza zimene zatayika, koma amateteza ubongo wotsalawo ku sitiroko, ndipo amapezeka m'zipatala zathu.

Chenjerani ndi mankhwala ogonetsa

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapwetekera odwala awo asakudziwa. Agogo akayamba kukuwa usiku, kumenya kapena kuthawa, anthu amafunafuna chowagonetsa. Mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone anapangidwira matenda a misala. Kwa nkhalamba ya dementia amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi imfa. Amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa, amagwetsa, ndipo munthu woodzera amatsamwa ndi phala, phalalo n'kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Pakhomo pamakhaladi bata, koma mtengo wake ndi waukulu.

Sikuti mankhwalawa alibiretu malo. Adokotala atha kuwapereka ngati wodwala akuvutika koopsa ndi zimene akuona kapena kumva, kapena ngati angavulaze munthu, ndipo njira zina zalephera. Pamenepo amayamba ndi mlingo wochepetsetsa, kwa nthawi yochepa, n'kuonananso pakapita masabata owerengeka kuti aone ngati angasiye. Ngati agogo amaona anthu kapena nyama zimene palibe, thupi n'kumauma ndi kuyenda mokhwekhwereza mapazi, auzeni adokotala zimenezi. Utha kukhala mtundu wa dementia wotchedwa Lewy body, umene mankhwalawa amauipitsa moopsa.

Diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium, amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa, ndipo nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri siyendanso. Piriton, promethazine ndi amitriptyline nawonso amasokoneza mutu wa munthu wachikulire. Musagule mankhwala otere kuti agogo agone, musawagawire otsala a munthu wina, ndipo musawapatse kachasu kuti akhale chete. Mankhwala onse pakhomo asungidwe pobisika, ndipo wowapereka akhale munthu mmodzi, chifukwa woiwala atha kumwa kawiri kapena katatu.

Khalidwe lovuta lili ndi chifukwa chake

Munthu amene mawu amuthera amalankhula ndi thupi. Inu amene munalerapo khanda mukudziwa kuti likamalira simuthamangira mankhwala ogonetsa. Mumayamba mwaona ngati lili ndi njala, lanyowa, latentha thupi kapena chinachake chikulilasa. Chitani chimodzimodzi ndi agogo, koma mwaulemu woyenera munthu wamkulu.

Dzifunseni: kodi akumva ululu? Nyamakazi, dzino, chilonda cha kuphazi ndi msana zimakwiyitsa munthu amene sangathe kunena pomwe pakuwawa. Onani ngati akukwinya nkhope mukamawadzutsa, kapena akuteteza mbali ina ya thupi. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2011 anaonetsa kuti odwala dementia atapatsidwa mankhwala oletsa ululu mwandondomeko, ambiri a iwo paracetamol, amene ife timati panado, kuvuta kwawo kunachepa. Funsani achipatala mlingo woyenera. Bufeni ndi Indocid musawazoloweretse, amawononga m'mimba ndi impso za okalamba.

Funsaninso: apita liti kuchimbudzi? Amwa madzi lero? Akuzizidwa? Pakhomo pali phokoso la wailesi ndi ana? Atopa, kapena asungulumwa? Odwala ambiri amavuta kwambiri dzuwa likamalowa, pamene mdima ukusokoneza maso ndipo aliyense watanganidwa ndi kuphika. Yatsani nyali msanga, ndipo wina akhale nawo pafupi nthawi imeneyo. Mukamalemba m'kope nthawi imene avuta ndi chimene chinachitika zisanayambe, pakatha sabata mudzayamba kuona chimene chimawaputa.

Kalankhulidwe ndi mankhwala

Afikireni chakutsogolo, khalani pansi kuti maso afanane, atchuleni dzina limene amalikonda, ndipo nenani kuti ndinu ndani. Musawayese mayeso akuti "Ndine ndani ine? Mwandiiwala?" Zimenezo zimangowachititsa manyazi. Nenani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo dikirani yankho. M'malo mofunsa kuti "Mudya chiyani?", funsani kuti "Phala kapena mbatata?"

Musatsutsane nawo. Simungapambane mkangano ndi ubongo wodwala, ndipo ngakhale aiwale mawu anu, kuwawa kwa mumtima kumatsala. Akati mwawabera ndalama, yankhani kuti "Pepani amayi, tiyeni tifunefune limodzi," ndipo phunzirani malo amene amakonda kubisa zinthu. Agogo a zaka 80 akafunsa kuti "Amayi anga ali kuti?", mukawauza kuti anamwalira kalekale amalira maliro atsopano, ndipo mawa adzafunsanso. Simukufunika kunama. Mutha kunena kuti "Mwawasowa eti? Tandiuzani, ankakonda kuphika ndiwo zanji?" Chimene akufuna ndi chitonthozo, ndipo nkhaniyo iwapatsa.

Tsiku likhale ndi ndondomeko, manja akhale ndi ntchito

Kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zizichitika nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo katundu wa m'chipinda chawo asamasunthidwesunthidwe. Kuwasamutsa pafupipafupi, mwezi uno kwa mwana uyu m'tauni, mwezi wamawa kwa wina, kumawasokoneza kwambiri.

Musawalande ntchito zonse. Manja amakumbukira zimene mutu waiwala. Atha kutongola chimanga, kusenda mtedza, kusankha nyemba pa lichero, kusesa pabwalo, kuluka, kapena kupinda zovala. Zikalakwika musadzudzule, cholinga si ntchitoyo. Ayendeko tsiku lililonse ndi kuwothera dzuwa la m'mawa, asagone nthawi yaitali masana, ndipo tiyi wa masamba asamwe madzulo. Zimenezi zimathandiza tulo kuposa piritsi.

Nyimbo ndi mapemphero amene munthu anaphunzira ali mwana zimakhalitsa mu ubongo. Mudzadabwa kuona agogo amene sakudziwa dzina la mdzukulu akutsatira Kolona yonse, kapena kuimba nyimbo ya pamtondo osaphonya. Gwiritsani ntchito zimenezi powasambitsa, powadyetsa, kapena pamene ayamba kutekeseka. Zithunzi zakale ndi nkhani za kumudzi kwawo zimagwiranso ntchito yomweyo. Akapimitseni maso ndi makutu. Opaleshoni ya ng'ala kapena magalasi zitha kuchepetsa mantha ndi kugwa.

Posamba, madzi akhale ofunda, malo akhale obisika, ndipo afunditseni chitenje mbali imene simukusambitsa. Ganizirani za mwambo: bambo wachikulire angakane kusambitsidwa ndi mpongozi kapena mwana wake wamkazi, koma n'kulola mwana wamwamuna. Akakana lero m'mawa, yesaninso masana. Aperekezeni kuchimbudzi pakatha maola awiri kapena atatu alionse osadikira kuti anene, ndipo usiku ikani chidebe pafupi ndi kanyali. Akadzionongera, asintheni mwakachetechete.

Matenda akafika patali, adyetseni atakhala tsonga, chakudya chofewa, pang'onopang'ono. Amene sakudzukanso atembenuzeni pakatha maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndipo funsani kuchipatala za chisamaliro chochepetsa ululu cha odwala matenda okhalitsa.

Chitetezo, ndi nkhani ya ufiti

Moto, mbaula, chitsime, mankhwala a mbewu ndi a makoswe zikhale kutali nawo. Akafuna "kupita kwawo," musalimbane nawo pakhomo. Yendani nawo pang'ono mukucheza, kenaka n'kukhotera kunyumba. Mangirirani kabelu kapena zitini pachitseko kuti mumve akamatuluka usiku, ndipo sokererani m'chovala chawo kansalu kolembapo dzina ndi nambala ya foni. Kuwamanga ndi chingwe kapena kuwatsekera okha m'nyumba ndi nkhanza, ndipo moto utabuka sangathawe.

Ngozi yaikulu kwa odwalawa m'midzi mwathu ndi anthu. Gogo wosochera usiku akapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni kapena pafupi ndi manda, mwina atavula, osatha kufotokoza kumene achokera, anthu amati ndege ya ufiti yamugwetsa. Akamufunsa mwaukali, amavomera chilichonse chifukwa sakumvetsa funsolo. Nkhalamba zamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mphekesera zotere. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo limafika mochedwa gulu likakwiya. Chitetezo chenicheni ndi kudziwitsa anthu zinthu zisanachitike. Uzani amfumu, anansi, a kumphakati, apolisi a m'mudzi ndi anyamata a kabaza kuti agogo akudwala matenda oiwala, ndipo akawaona akuyenda okha awaperekeze kunyumba. Kubisa matendawa chifukwa cha manyazi ndiko kumawaika pangozi.

Wosamalira naye asamalidwe

Matendawa amatenga zaka, ndipo nthawi zambiri mtolo wonse umagwera mayi mmodzi. Amagona tulo todukizadukiza, kumunda sapita, kumsika sapita, kutchalitchi sapita, kenaka n'kumanenedwa ndi achibale kuti akumana agogo chakudya. Kutopa ndi kupsa mtima zikafika, sikuti ndinu munthu woipa. Mukaona kuti dzanja likufuna kunyamuka, tulukani panja kaye, muitane wina. Mutu umodzi susenza denga. Itanitsani msonkhano wa banja ndi ankhoswe omwe, mugawane masiku, ndipo amene ali kutauni kapena ku Joni auzidwe zofunika zenizeni: sopo, zofunda, pulasitiki ya pamphasa, ndalama yoyendera kuchipatala. Nkhani za munda, nyumba ndi ndalama zikambidwe msanga, agogo akadatha kunena maganizo awo.

Ngati inuyo simukugona, mukungolira, kapena zakudya sizikulowa, kaonaneni ndi achipatala. Pachipatala cha boma funsani anamwino oona za matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndiko kuli akatswiri a matenda otere.

Zimene bungwe lanu lingachite

Pali njira ina yothandizira odwala amene matenda sanafike patali, yotchedwa Cognitive Stimulation Therapy. Inayambira ku Britain, ndipo inakonzedwanso kuti igwirizane ndi moyo wa ku Tanzania ndi ku Nigeria. Anthu 5 mpaka 8 amakumana kawiri pa sabata kwa masabata 7, mphindi 45 ulendo uliwonse. Amaimba, amakambirana za ubwana wawo, za zakudya, za mitengo ya zinthu kale ndi lero, amasewera timasewera ta mawu ndi manambala. Kafukufuku anapeza kuti phindu lake pa kaganizidwe limayandikana ndi la mapiritsi aja, popanda nseru kapena chizungulire. Otsogolera amafunika kuphunzitsidwa, koma mzimu wake mungaubwereke ngakhale lero: mphasa pamthunzi, thobwa, nthano, zilapi ndi nyimbo zakale, popanda wofunsidwa mafunso omuchititsa manyazi. Pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuthandizeni poyambira.

Pamsonkhano wanu wotsatira, werengani makomo a mumphakati mwanu amene muli wachikulire woiwalaiwala. Gawanani kuti khomo lililonse lilandire amayi awiri kamodzi pa sabata, kwa maola awiri kapena atatu, kuti wosamalira apite kuchigayo, ku Misa, kapena angogona. Onetsetsani kuti wodwala aliyense wapimidwapo kuchipatala ndipo akumwa mankhwala ake a BP kapena a shuga. Pa 21 September, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse, pemphani mphindi zochepa pa zolengeza za m'tchalitchi kuti mufotokozere akhristu za matendawa. Ndipo mukamva mphekesera ya ufiti yokhudza nkhalamba ya m'dera lanu, pitani kwa amfumu tsiku lomwelo, muli gulu, mukanene kuti munthuyo akudwala.